MD-PhD ku America: ndi mayeso ati ofunika, ndipo alembedwe liti?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Funso ili lakhala likubwera kuchokera kwa ana athu amene akuphunzira sayansi m'makoleji a ku America, ndiye ndati ndilitule pano kuti inu amene mukuzidziwa mutithandize. Munthu akufuna kulowa pulogalamu ya MD-PhD, ija yophatikiza udokotala ndi digiri ya kafukufuku. Alembe MCAT yokha (mayeso olowera sukulu ya udokotala), kapena GRE nayonso (mayeso olowera maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba)? Ena akuti popeza muli PhD, GRE siithawika. Ena akutchulanso mayeso ena otchedwa Casper ndi PREview. Nanga malikisi ake akhale angati? Chonde tiyankhe mwatsatanetsatane, chifukwa anawa akutaya ndalama pa mayeso amene mwina palibe amene awafunsa.

Gama: Zikomo aNabanda. Mayeso amene palibe angawazembe ndi MCAT. GRE, pa mapulogalamu ambiri, siifunika n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti fomu imadutsa ku AMCAS, khomo la mafomu la AAMC (bungwe la sukulu za udokotala) limene ofuna MD ambiri amalowera. Komiti ya MD-PhD ndi imene imaunika munthuyo, ndipo ikamutenga, nthambi ya PhD imamulandira pa chisankho chomwecho. Ngakhale ku Texas, kumene sukulu zambiri za MD zimagwiritsa ntchito khomo lawolawo la mafomu lotchedwa TMDSAS, wofuna MD-PhD amadutsabe ku AMCAS.

GRE imatulukira pamene PhD yake ili kunja kwa sayansi ya zamoyo ya m'labu, monga uinjiniya, economics, anthropology kapena mbiri ya zachipatala. Kumeneko nthawi zina nthambi ya PhD imakhala ndi malamulo akeake ndipo imafuna kuona munthuyo payokha. Wofuna njira imeneyo alembere imelo ofesi ya pulogalamu iliyonse, afunse kuti nthambi yakuti imafuna GRE kwa wa MD-PhD kapena ayi, yankho alisunge. Asadalire tsamba la nthambi ya PhD lokha, chifukwa kawirikawiri limalembedwera ofuna PhD yokhayokha.

Nangozo: Tisanafike patali ndi mayeso, pali nkhani imene iyenera kuyamba, apo ayi mwana awerenga miyezi inayi pachabe. Mapulogalamu a MD-PhD otchedwa MSTP amalandira ndalama ku NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, kudzera ku nthambi yake ya NIGMS, ndipo zimenezi zinayamba mu 1964. Ndalama za boma zimenezo zimalipirira nzika za America ndi okhala ndi green card basi. Mwana wa pa viza ya ophunzira (F-1) sangakwere pa thumba limenelo. Alipo mapulogalamu ena amene amalandira alendo ndi ndalama za yunivesite yawo, koma ndi ochepa ndipo malo ake ndi owerengeka. Choncho ntchito yoyamba ndi kutsegula MSAR, kaundula wa AAMC wa zofunika pa sukulu iliyonse, n'kulemba mayina a mapulogalamu amene amalandira osakhala nzika. Kenako atsimikize pa tsamba la pulogalamuyo, poti sukulu ikhoza kulandira alendo ku MD koma osati ku MD-PhD, kapena mosemphanitsa.

Chachiwiri, AMCAS siitsimikizira malikisi a ku yunivesite za kunja kwa America ndi Canada, ndipo sawerengedwa mu GPA (avereji ya malikisi a ku koleji) ya pa fomu. Sukulu zambiri zimafuna kuti munthu akhale ataphunzirako ku America kapena ku Canada, zina chaka chimodzi, zina digiri yonse. MCAT yabwino siifafaniza lamulo limeneli.

Nabanda: Apo mwanena zoona aNangozo. Tiyerekeze kuti zimenezo wadutsa. MCAT yeniyeniyo ili bwanji?

Chisale: Ndiyale mmene ilili kuyambira Epulo 2015, pamene anaisintha. Ili ndi zigawo zinayi, mafunso onse 230, onse osankha yankho limodzi pa anayi, pa kompyuta ku malo a Pearson VUE.

Chigawo choyamba ndi cha chemistry ndi physics monga zimagwirira ntchito m'thupi: mafunso 59, mphindi 95. Chachiwiri ndi CARS, kuwerenga ndime n'kuisanthula: mafunso 53, mphindi 90. Chachitatu ndi biology ndi biochemistry: 59, mphindi 95. Chomaliza ndi psychology ndi sociology: 59, mphindi 95. Nthawi yolemba yokha ndi maola 6 ndi mphindi 15, koma ukaphatikiza kupuma ndi zina zoyambirira, umakhala pamalopo pafupifupi maola asanu ndi awiri ndi theka. Kupuma kulipo katatu: mphindi 10, kenako 30 pakati, kenako 10.

Chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 118 mpaka 132, pakati pake 125. Onse pamodzi ndi 472 mpaka 528, pakati 500. Kwa makolo amene anazolowera mapointi a MSCE, kuno n'kosiyana: nambala ikakwera ndiye kuti zayenda bwino. Kulakwa funso sikuchotsetsa malikisi, ndiye kusiya funso osayankha ndi kutaya mwayi chabe.

Biochemistry ndiyo msana wa mayesowa. Imatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a chigawo choyamba, ndi gawo lomwelonso m'chigawo chachitatu. Amene sanaphunzire biochemistry m'kalasi asathamangire kulembetsa. Ma amino acid onse 20 ayenera kukhala m'mutu: kapangidwe kake, dzina la zilembo zitatu, la chilembo chimodzi, ndi kuti ndi ati ali ndi chaji pa pH ya m'thupi.

Gama: Ndiwonjezere za kagawidwe ka nthawi, chifukwa ambiri amagwa apa osati pa kusadziwa. Chigawo cha sayansi chili ndi ndime 10 zokhala ndi mafunso 44, ndi mafunso 15 oima paokha. Ukapatsa ndime iliyonse mphindi 8 ndi funso loima palokha mphindi imodzi, zakwana 95 ndendende, popanda yotsala. CARS ili ndi ndime 9 pa mphindi 90, ndiye mphindi 10 pa ndime. Munthu akakakamira ndime imodzi mphindi 14, ndime yomaliza amangoiwombeza.

Kalikyuleta kulibe. Amakupatsa periodic table pa sikirini, ndi kabuku kopukutika ndi maka yake. Ndiye masamu a pamutu ayenera kuzolowereka. Mwachitsanzo, akakupatsa kuti ma hydrogen ion ndi 3 × 10⁻⁵, suyenera kuchita kuvutika: log ya 3 ndi pafupifupi 0.48, ndiye pH ndi 5 kuchotsa 0.48, kutanthauza 4.5. Zimenezo zitenge masekondi khumi. Amene sanayeserere amatha mphindi ziwiri, ndipo mafunso otere amabwera kangapo.

Mwale: Pali chinthu chimene ofuna MD-PhD amadzinamiza nacho. Amati popeza ndakhala m'labu zaka ziwiri, sayansi ya MCAT ndi madzi akumwa. Mbali ina ndi zoona. Ndime zambiri za biology ndi kafukufuku wofupikitsidwa: akuonetsa Western blot, mizere inayi, wina wa selo wamba, wina wa selo lochotsedwa jini, n'kufunsa kuti ndi control iti imene ikusowa. Kapena girafu ya Lineweaver-Burk, mizere iwiri yokumana pa y-axis, ndipo uyenera kuona msanga kuti Vmax sinasinthe koma Km yakwera, ndiye kuti inhibitor ikulimbirana malo ndi substrate. Wa m'labu amaziona izi mwachangu kuposa anzake.

Koma labu imakupanikiza pa kanthu kamodzi. Amene wakhala pa mapuloteni a yisiti zaka ziwiri waiwala magalasi a optics, waiwala kayendedwe ka madzi m'mipope, sanaonepo mayina a akatswiri a sociology. Ndipo pali vuto lina lobisika: amadziwa zambiri kuposa ndimeyo, ndiye amayankha malinga ndi zimene labu yake inapeza m'malo mwa zimene girafu ya patsogolo pake ikuonetsa. MCAT imafuna yankho lochokera mu ndime ndi sayansi ya chaka choyamba ndi chachiwiri cha koleji.

Nangozo: CARS ndi imene imapweteka ana athu ambiri, tisabise. Ndime zake theka ndi za filosofi, luso, mabuku ndi zotere, theka lina za chikhalidwe ndi ndale, ndipo sayansi mulibe. Palibe choloweza. Magawo 40 pa 100 a mafunso amafuna kuti utenge ganizo la wolemba n'kuliika pa nkhani ina imene mu ndimemo mulibe. Munthu woti Chingerezi amachilankhula bwinobwino akhoza kupeza 123 chifukwa sanazolowere kumva kamvekedwe ka wolemba, kuti apa akuvomereza, apa akungobwereza za ena kuti awatsutse. Mankhwala ake ndi nthawi yaitali: ndime ziwiri kapena zitatu tsiku lililonse kwa miyezi, ndi wotchi, kenako kubwerera pa funso lililonse lolakwa n'kupeza chiganizo chenicheni chimene chinakusocheretsa. Kuunjika ndime 30 pa sabata yomaliza sikusintha kanthu.

Nabanda: Nanga malikisi? Anawa amamva kuti popanda 520 usayese n'komwe.

Chisale: Limenelo ndi bodza lofala. Malinga ndi ziwerengero za AAMC za zaka zaposachedwa, avereji ya olowa MD-PhD ndi pafupifupi 516, pamene ya olowa MD yokha ili pa 511 kapena 512. Avereji ikakhala 516 ndiye kuti ambiri ndithu analowa ali pansi pake. Mapulogalamu otchuka kwambiri ali pamwambapo, ena ali pansi. MSAR imaonetsa malikisi a olandiridwa pa sukulu iliyonse kuyambira a otsika (10th percentile) mpaka a apamwamba (90th), koma muzikumbukira kuti nambalazo ndi za kalasi yonse ya udokotala.

Komanso lipoti la MCAT palokha limavomereza kuti muyeso wake si wa ndendende. Limaika malire a mapointi awiri uku ndi uku pa malikisi onse, ndi pointi imodzi pa chigawo chilichonse. Ndiye 514 ndi 516 ndi anthu a msinkhu umodzi.

Mwale: Apa ndisiyana nanu pang'ono aChisale. Kwa nzika ya America, inde. Koma kwa mwana wa pa viza, amene akulimbirana malo awiri kapena atatu pa pulogalamu, ndipo mapulogalamu olandira alendo ambiri mwa iwo ali m'gulu lovuta kulowa lija, avereji ya dziko lonse siimuthandiza. Iye ayang'ane nambala za sukulu zimene zili pa mndandanda wake basi. Ngati pa pafupifupi zonse malikisi a pakati a olandiridwa ndi 519 kapena kuposa, 513 ikumuika pansi, ngakhale kuti 513 payokha ndi malikisi abwino.

Chisale: Ndikuvomera zimenezo. Chimene ndikukana ndi kubwereza mayeso mwachizolowezi. Malikisi onse amene munthu anapezapo amapita ku sukulu, palibe kubisa ena. Sukulu zina zimaona atsopano, zina apamwamba, zina zimatenga avereji. Wapeza 513, wabwereza n'kupeza 514, watayapo miyezi itatu ya m'labu ndipo komiti ikuona kuti afika pomwe amathera. Akatsika kufika 511 ndiye wadzipweteka yekha. Kubwereza kumakhala ndi nzeru pamene pali chifukwa chooneka: mayeso oyeserera a AAMC, olembedwa athunthu ndi wotchi, ankapereka 518 mobwerezabwereza koma tsiku lenileni kunatuluka 511, kapena chigawo chimodzi chagwa kwambiri, monga 123 pakati pa ma 129.

Gama: Malire a kubwereza nawo adziwike: katatu m'chaka chimodzi cha mayeso, kanayi m'zaka ziwiri zotsatizana, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Kulembetsa koma osapita kumawerengedwa ngati walemba. Pamapeto pa mayeso pamabwera funso loti kodi achongedwe kapena afafanizidwe. Ukasankha kufafaniza, sukulu siziona malikisi alionse, ndalama sizibwerera, ndipo ulendowo wawerengedwa pa malire aja. Pafupifupi aliyense amatuluka akumva ngati walephera, ndiye kumva kumeneko si chifukwa chofafanizira. Chifukwa chenicheni ndi monga kudwala pakati pa mayeso kapena kusiya ndime zingapo zosayankha. Ndi bwino kusankhiratu kunyumba zimene zingakuchititse kufafaniza, osati kuganiza ndi mutu wotopa wa maola asanu ndi awiri.

Nankhoma: Ine ndikufuna tikhazikike pa kalendala, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu oyenera amataya malo popanda wowauza chifukwa chake.

Wofuna kuyamba sukulu pakati pa chaka cha 2027 amatumiza fomu mu 2026. AMCAS imatseguka kumayambiriro kwa Meyi kuti anthu ayambe kulemba, imayamba kulandira mafomu kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ndipo imayamba kuwatumiza ku sukulu chakumapeto kwa Juni. Pakati apo imatsimikizira malikisi a ku koleji, ntchito imene imatenga masiku ochepa kwa oyambirira koma masabata angapo mzere ukatalika mu Julayi. Malikisi a MCAT amatuluka pakatha masiku 30 mpaka 35. Mayeso amalembedwa kuyambira Januwale mpaka Sepitembala. Okutobala, Novembala ndi Disembala kulibe.

Tsono werengani chobwerera. Kuti malikisi akhale alipo pamene sukulu zikuyamba kutsegula mafomu, mayeso alembedwe Meyi asanathe. Kuti munthu adziwe malikisi ake asanasankhe sukulu zoti atumizeko, alembe mu Epulo kapena kale. Kuti akhale ndi mpata wobwereza chaka chomwecho, Januwale kapena Malichi. Wolemba mu Sepitembala malikisi ake amafika mu Okutobala, nthawi imene mapulogalamu ambiri ayamba kale kuitana anthu ku intavyu. Pulogalamu yotenga anthu khumi pa chaka siikhala ndi masiku ambiri a intavyu.

Fomu ikhoza kutumizidwa malikisi asanatuluke. AMCAS siidikira MCAT kuti itsimikizire. Njira imene ambiri amatsata ndi kutumiza fomu ndi sukulu imodzi yokha kuti ilowe pa mzere msanga, kenako malikisi akatuluka n'kuwonjezera zina. Koma pa fomu pali malo olembapo tsiku la MCAT imene ukuyembekezera kulemba. Ukalembapo, sukulu zambiri zimaimika fomu yako mpaka malikisiwo afike. Ukasintha maganizo osabwereza mayeso, kachotse tsikulo, apo ayi fomu ikhala pa shelefu kudikira malikisi osabwera.

Nabanda: Ichi chomalizachi sindinachimvepo. Zikomo achemwali.

Nankhoma: Palinso msampha wina wa ofuna MD-PhD makamaka: kutha mphamvu kwa malikisi. Sukulu zambiri zimalandira MCAT ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo basi. Ofuna MD-PhD ambiri akamaliza koleji amakhala m'labu chaka kapena ziwiri kuti kafukufuku wawo akhwime. Tiyerekeze mwana walemba MCAT mu Ogasiti 2023 atangomaliza chaka chachitatu, wamaliza koleji mu Meyi 2024, wagwira ntchito m'labu zaka ziwiri, watumiza fomu mu Juni 2026 kuti ayambe mu 2027. Sukulu yowerenga zaka zitatu kuchokera tsiku lotumiza fomu imulandira. Sukulu yowerenga kuchokera tsiku loyamba maphunziro imuuza kuti malikisi ake ndi a zaka zinayi, sakugwira. Fomu yake imangokanidwa, ndalama zapita. MSAR imalemba tsiku lakale kwambiri ndi latsopano kwambiri la MCAT limene sukulu iliyonse ikulandira chaka chimenecho; mzere umenewo uwerengedwe sukulu ndi sukulu.

Ndiye amene akudziwa kuti apuma zaka ziwiri asathamangire kulemba ali chaka chachitatu. Ndipo aganizirenso kuti ngati chaka choyamba sichiyenda n'kufuna kutumizanso, malikisiwo adzakhala akadali amoyo?

Mwale: Ndi zoona, koma kuchedwetsa nako kuli ndi mtengo wake. Physics ndi organic chemistry zimazirala msanga, ndipo kuwerenga uku ukugwira ntchito ya m'labu tsiku lonse n'kowawa. Wosankha njira imeneyo akambirane ndi mkulu wa labu kuyambira pachiyambi kuti masabata anayi kapena asanu ndi limodzi omaliza achepetse ntchito. Mayeso oyeserera athunthu amadya tsiku lonse, ndipo kuwaunika bwino kumadyanso tsiku lina. Sizitheka kuchita zimenezo uku maselo akudikira kudyetsedwa.

Chinanso, Epulo ndi Meyi si miyezi yopuma. Wa MD-PhD amalemba nkhani zitatu pa AMCAS: ya aliyense ya zilembo 5,300, ya chifukwa chofunira madigiri awiriwa ya zilembo 3,000, ndi yofotokoza kafukufuku wake ya zilembo 10,000. Yachitatuyi ndi imene komiti imaiwerenga ndi maso awiri, pamodzi ndi makalata a akuluakulu a malabu onse amene munthu anagwiramo. Wolemba MCAT kumapeto kwa Meyi amalemba nkhani zimenezi mothamanga, ndipo zimaoneka. Pakati pa 517 yokhala ndi nkhani ya kafukufuku yomveka bwino ndi 520 yokhala ndi mndandanda wa zipangizo zimene munthu anagwirapo, ine ndingaike chikhulupiriro pa woyambayo.

Gama: Tsopano Casper ndi PREview. Onsewa sayesa sayansi, amayesa mmene munthu angachitire pa zochitika za pakati pa anthu: mnzako wabera mayeso, wa m'gulu lanu sakugwira ntchito yake, ndi zotere. Si sukulu zonse zimawafuna. Zina zimafuna amodzi, zina zimangolimbikitsa, zambiri sizifuna n'komwe. Lamulo la MD pa sukuluyo kawirikawiri limagwiranso wa MD-PhD, koma pali zina zimene zimawapatula, ndiye afunse.

PREview ndi ya AAMC. Amakupatsa nkhani yaifupi ndi njira zingapo zochitira, iwe n'kuika njira iliyonse pa muyeso wa masitepe anayi, kuyambira yosathandiza konse mpaka yothandiza kwambiri. Malikisi ake ndi 1 mpaka 9 ndipo amalowa okha mu AMCAS. Imalembedwa kunyumba pa kompyuta, wina akukuyang'anira pa kamera. Casper ndi ya kampani ya Acuity Insights. Mayankho ena umataipa, ena umalankhula pa vidiyo, nthawi yake ili yochepa kwambiri. Wolemba amangouzidwa kuti ali m'gulu liti mwa magulu anayi, ndipo zotsatira zimagwira ntchito chaka chimodzi chokha cha mafomu. Wotumizanso fomu chaka chamawa amalembanso.

Chimene chimalakwika apa ndi chimodzi: kuiwala. Sukulu yofuna Casper siiwerenga fomu ngati yathunthu mpaka zotsatira zifike, ndipo zimatenga masabata. Munthu amadabwa kuti Okutobala wafika osamva kanthu, pamene fomu yake sinatsegulidwe n'komwe. Alembe mu Juni kapena Julayi, ndi intaneti yodalirika ndi chipinda cha yekha.

Nabanda: Amene auzidwa kuti nthambi yake ikufuna GRE, akonzekere bwanji pamwamba pa MCAT?

Chisale: GRE anaifupikitsa mu Sepitembala 2023, tsopano ndi ola limodzi ndi mphindi 58. Nkhani imodzi yolemba ya mphindi 30, mafunso 27 a mawu, mafunso 27 a masamu. Mawu ndi masamu amachongedwa 130 mpaka 170, nkhani 0 mpaka 6. Imalembedwa chaka chonse, malikisi amatuluka m'masiku 8 mpaka 10, amakhala ndi mphamvu zaka zisanu, ndipo ukhoza kubwereza pakatha masiku 21, mpaka kasanu m'miyezi 12. Mosiyana ndi MCAT, bungwe la ETS limalola kusankha malikisi a tsiku limene ukufuna kutumiza.

Popeza ndi yofewa pa nthawi chotere, ibwere pambuyo pa MCAT, osazisakaniza. Wopita ku uinjiniya kapena economics aziike mtima pa masamu, chifukwa nthambi zimenezo zimayembekezera malikisi oyandikira 170. Malikisi a GRE salowa mu AMCAS okha ngati a MCAT. Amatumizidwa kuchokera ku ETS pogwiritsa ntchito nambala ya sukulu, ndipo nambala ya sukulu ya udokotala ikhoza kusiyana ndi ya nthambi ya PhD pa yunivesite imodzi yomweyo. Afunse kuti atumize ku nambala iti.

Nangozo: Za Chingerezi mwachidule: amene watenga digiri yake ku America nthawi zambiri safunsidwa TOEFL kapena IELTS. Akafunsidwa, malikisi ake amakhala zaka ziwiri zokha, ndiye ija analembera polowa koleji inatha kale mphamvu.

Nankhoma: Tinthu ting'onoting'ono ta tsiku la mayeso timene timabweza anthu pakhomo. Dzina la pa akaunti ya AAMC lifanane ndi la pa chiphaso, loyamba ndi la bambo. Ife amene timakhala ndi dzina la Chingerezi, la kwathu ndi la mfunda, pasipoti ikulemba mwina, khadi la sukulu mwina, tiyang'ane bwino. Chiphaso chikhale cha boma, chokhala ndi chithunzi ndi siginecha, chosatha masiku. Khadi la sukulu salandira. Kusintha dzina, tsiku kapena malo kumatsekedwa kutatsala masiku 10, ndipo ndalama yosinthira imakwera tsiku likamayandikira. Foni ndi manotsi sizigwiridwa ngakhale pa nthawi yopuma. Amene akufuna thandizo lapadera chifukwa cha ulumali kapena matenda, monga nthawi yowonjezera, apemphe miyezi ingapo pasadakhale, chifukwa kuunika pempho lokha kumatha mpaka masiku 60. Kulembetsa kumaposa madola 300, ndipo wolembera kunja kwa America ndi Canada amawonjezera ina. Malo a kunjawo ali m'mayiko ochepa ndi masiku ochepa, ndiye mipando imatha msanga.

Phiri_J: Pepani ndalowa mochedwa. Nanga amene ali ndi MBBS ya ku KUHeS, kapena akuiphunzira, angalembe MCAT n'kufunsira MD-PhD?

Nangozo: Kulemba MCAT angathe, AAMC imalola wa MBBS kulembetsa. Koma njira imeneyo si yake. MD-PhD inapangidwira munthu amene sanayambe udokotala, zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu: ziwiri za m'kalasi, zinayi za PhD, ziwiri za m'chipatala. Wa MBBS ndi dokotala kale, ndipo lamulo lija la maphunziro a ku America kapena Canada limugwiranso. Chimene akusowa ndi PhD yokha, imene angafunsire mwachindunji. Kumeneko ndi kumene TOEFL kapena IELTS, ndipo pena GRE, zimafunsidwa. Akafunanso kudzagwira ntchito ya udokotala ku America, njira yake ndi ECFMG, bungwe lotsimikizira madokotala ophunzira kunja, ndi mayeso a layisensi a USMLE, osati MCAT.

Gama: Popeza USMLE yatchulidwa, amene alowa MD-PhD adziwiretu kuti mayeso sathera pakhomo. Step 1, imene kuyambira pa 26 Januwale 2022 imangonena kuti wakhoza kapena walephera, mapulogalamu ambiri amafuna ilembedwe munthu asanalowe m'labu ya PhD. Step 2 CK ikadali ndi malikisi a nambala, ndipo imabwera atabwerera kuchipatala patatha zaka zinayi osagwira wodwala. Step 3 ndi ya atamaliza sukulu. Popereka layisensi ya udokotala, zigawo (ma state) zambiri za America zimafuna masitepe atatuwa athe m'zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera tsiku lokhoza yoyamba, ndipo wa MD-PhD amadutsa malirewo mosavuta. Zigawo zambiri zimawapatsa zaka zowonjezera, koma chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza lochokera kwa mmodzi wa anawa: mayeso oyeserera akumupatsa 508 mpaka 510, tsiku lake la MCAT latsala masabata atatu, ndipo akufuna kutumiza fomu chaka chino. Alembe kapena asunthe?

Mwale: Ayambe waona kuti mayesowo ndi a AAMC kapena a makampani ena, chifukwa a makampani nthawi zambiri amachonga mouma. Ngati sanalembe a AAMC, alembe amodzi Loweruka lino, athunthu, kuyamba 8 koloko m'mawa, kupuma monga mwa lamulo, foni itazimitsidwa. Akatuluka 514 kapena kuposa, apitirire ndi tsiku lake. Akatulukanso 509, masabata atatu sangakweze mapointi asanu ndi awiri kuti afike pa avereji ija ya 516, ndipo malikisi akalowa safafanizika. Asunthe masiku 10 aja asanakwane. Kenako aone chigawo ndi chigawo: ngati chikumugwetsa ndi psychology ndi sociology, sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi zikwana, poti zambiri ndi mawu oloweza, ndipo akhoza kulemba kumapeto kwa Juni fomu itatumizidwa kale ndi sukulu imodzi. Ngati ndi CARS kapena biochemistry, alembe mu Januwale, chaka chino achithere m'labu, fomu adzatumize tsiku loyamba chaka chamawa.

Nankhoma: Ndipo akasankha Januwale, ayang'anire tsiku limene AAMC itsegule kulembetsa, nthawi zambiri mu Okutobala. Mipando ya Januwale m'mizinda ikuluikulu siichedwa kutha.